Chipembere Sanaumbe Njerwa

Pali bodza lina limene labwerezedwa kwa zaka zambiri moti ngakhale ife amene timayenera kulitsutsa tayamba kulinena ndi pakamwa pathu. Bodzali limati mzungu wina, dzina lake Stewart Gore-Browne, anamanga chinyumba chachikulu pakati pa tchire kumpoto kwa dziko la Zambia. Mukatsegula timabuku tokopa alendo mulipeza. Mukamvera anthu ophunzira akucheza za nyumba zakale mulimva, ndipo amalinena mogoma, ngati akusimba za munthu amene anawoloka nyanja posambira. Ine ndikukana. Gore-Browne analota nyumbayo, anaijambula papepala, anapeza ndalama, anakalipa mpaka ntchito inatha. Koma sanaumbe njerwa, sanacheke thabwa, sanakwere padenga. Ndipo malowo sanali tchire lopanda eni.

Nyumba imene ndikunenayi ndi ya ku Shiwa Ng'andu, pakati pa Mpika ndi Chinsali, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Muchinga. Ndi nyumba yosanja ya njerwa zofiira, yofoleredwa ndi matailosi adothi, yokhala ndi nsanja pakati. Amene amadziwa za mamangidwe amati inasakaniza maonekedwe a nyumba za anthu olemera a kumidzi ya ku England ndi a nyumba za ku Italy. M'kati mwake muli mabwalo osafolera ozunguliridwa ndi makonde, muli laibulale pamwamba, chipinda chachikulu chodyera ndi kachisi wopemphereramo. Kutsogolo kuli kapinga wosadzulidwa bwino ndi minda ya maluwa, ndipo msewu wolowera umadutsa pakati pa mitengo yobzala mondanda. Sindikutsutsa kuti ndi nyumba yokongola. Kukongola kwakeko ndi kumene kukundichititsa kufunsa kuti anaikongoletsa ndani.

Mbiri yake ndi yodziwika. Gore-Browne, amene anabadwa mu 1883, anali msilikali. Anafika kuderali mu 1911 ali m'gulu lolemba malire pakati pa Northern Rhodesia ndi Belgian Congo. Mu 1914 anaona kanyanja kotchedwa Ishiba Ng'andu, mtima wake unagwa pomwepo, ndipo anagula maekala 10,000 pa mtengo wa masheleni awiri pa ekala. Owerenga masamu aona kuti amenewo ndi mapaundi 1,000 basi. Anagula kwa ndani? Kwa boma la kampani ya British South Africa, imene inkalamula dzikolo mpaka 1924. Tsono tamverani dzina la malowo. M'Chibemba limatanthauza nyanja ya ng'ona yachifumu, pakuti ng'ona ndi chizindikiro cha banja lachifumu la Abemba, a Bena Ng'andu. Malo amene ali ndi dzina lotere sangakhale thengo losowa mwini. Munthu sutcha dzina nyanja imene sunamwepo madzi ake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamuchedwetsa, anabwereranso mu 1920, ntchito inayamba, ndipo mbali yaikulu ya nyumbayo inatha mu 1932, ngakhale kuti kuwonjezera apa ndi apo kunapitirira mpaka zaka za m'ma 1950.

Otamanda nyumbayi amakonda kunena kuti njanji yapafupi inali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 640, ndipo panalibe msewu. Amanena zimenezi pofuna kuonetsa kulimba mtima kwa mwini nyumba. Koma tiyeni tiime pomwepa, tiganize chimene mtunda umenewu ukutanthauza. Ukutanthauza kuti pafupifupi chilichonse chinapangidwa pamalo pomwepo, kuphatikizapo njerwa iliyonse. Ndipo chimene sichikanapangika pamalopo chinayenda masiku ambiri kudutsa mitsinje ndi madambo, pamitu ndi pamapewa pa amtengatenga. Mutu umodzi susenza denga, anatero makolo, nanga uwu wa msilikali wa ku England unasenza bwanji chinyumba chonsechi?

Aliyense amene anaumbapo njerwa za nyumba ya zipinda zitatu akudziwa ntchito yake. Uyambe wasankha dothi, pakuti si dothi lililonse limene limagwira; lina limang'aluka likamauma, lina limanyenyeka likapsa. Ukumbe, utunge madzi, uponde matope mpaka miyendo kuwawa. Uthire m'chikombole, usalaze, unyamule, ukakhuthule pabwalo losesa bwino. Uphimbe ndi udzu kuopa dzuwa, uzitembenuza, uziyang'ana kumwamba kuopa mvula yosayembekezereka. Zikauma upange uvuni, usiye makomo a nkhuni, umate kunja ndi matope. Kenaka kudula mitengo, kuikoka, ndi kuchezera usana ndi usiku ukusonkhezera moto. Wodziwa amayang'ana mtundu wa utsi ndi wa lawi n'kudziwa kuti zapsa kapena ayi. Akalakwitsa, theka la uvuni limatuluka losapsa ndipo thukuta la mwezi wathunthu lapita pachabe. Nzeru zimenezi sizikhala papepala la pulani. Tsono chulukitsani ntchitoyi mpaka ikwane nyumba yosanja yokhala ndi nsanja, kachisi, nyumba ya pachipata, sukulu, chipatala ndi nyumba za antchito. Zolembedwa zimanena kuti panali antchito mazanamazana ndi ng'ombe zokoka njerwa. N'zomvetsa chisoni kuti m'nkhani zambiri anthuwo ndi ng'ombezo amatchulidwa m'chiganizo chimodzi, kenaka wolemba n'kubwerera msanga kwa bwana.

Yang'anani pamwamba pa makonde a nyumbayi, pamene njerwa zayalidwa mokhota ngati uta. Kumanga chotere si masewera. Kalipentala amayamba wakhoma chimango cha matabwa chokhota bwino, womanga n'kumayala njerwa kuchokera mbali zonse ziwiri mofanana, mpaka atatseka ndi njerwa ya pakati imene imamanga zinzake zonse. Akachotsa chimangocho ndi pamene choonadi chimaoneka: ngati dzanja linanama, zonse zimagwera pansi. Za ku Shiwa zaima zaka zoposa 90. Denga la matailosi adothi nalo ndi lolemera kwambiri kuposa la malata, ndiye limafuna mitanda yolimba, yolumikizidwa mwaluso. M'malo opanda makina matabwa ankachekedwa ndi anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso tsiku lonse. Munthu wa m'dzenjeyo ali ndi gawo pa chitseko chilichonse chimene mlendo lero amachisisita n'kumati, “Azungu akale ankadziwa kumanga.”

Ndikudziwa chimene ena anene. Anena kuti ndikukangana ndi kalankhulidwe chabe, kuti ngakhale kwathu kuno timati a Uje amanga nyumba pamene tonse tikudziwa kuti analemba amisiri. Zoona, timatero. Koma pamudzi aliyense amadziwa mmisiri amene anamanga nyumba ya a Ujewo. Amadziwa dzina lake, kwawo, ndi nyumba zina zimene anamanga, ndipo wofuna kumanga amapita kukamupeza. Kalankhulidweko sikafafaniza munthu. Pa nyumba za atsamunda ndi pamene pali kusiyana, chifukwa mawu akuti “anamanga” akhala akugwiritsidwa ntchito ngati umboni wakuti luso linabwera pa sitima, ndipo munthu wakuda anangopereka msana. Kwathu ku Blantyre tili nacho chitsanzo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo mwana wasukulu aliyense angakuuzeni kuti anamanga ndi David Clement Scott. Timauzidwa monyadira kuti Scott sanaphunzire za mamangidwe, ndi kuti panagwiritsidwa ntchito mitundu 81 ya njerwa. Nanga amene anasema zikombole 81 zija, ndi amene anayala njerwazo mpaka zinaima chilili kufikira lero, mwana wasukulu uja angatchulepo mmodzi? Scott akakhala wosaphunzira timati ndi chozizwitsa. Omangawo akakhala osaphunzira timati ndi antchito wamba.

Tilowe m'kati mwa nyumba ya ku Shiwa. Pano bodza lija limasintha nkhope, limati bwanayu anakonda Africa kotero kuti anamanga mudzi wake pano. Mwina anaikondadi, ndipo pamwamba pa malo owothera moto m'laibulale analembetsapo mawu a Chilatini a mlakatuli Horace otamanda kachigawo ka dziko kamene mtima wa munthu wasankha. Koma chipinda chimanena zimene mwini wake sanena. Zithunzi za makolo ake pakhoma, mabuku ochokera ku London, mipando yolemera, mbale ndi mafoloko oyalidwa mwa dongosolo lake, ndi mwambo wovala zovala zapadera pa chakudya chamadzulo ngakhale kulibe mlendo wochokera kutali: zonsezi zinayang'ana ku England. Chitsanzo chake chinali nyumba ya azakhali ake, Dame Ethel Locke King, ku Brooklands, amene mwamuna wawo anamanga bwalo lotchuka la mpikisano wa magalimoto mu 1907. Kwa azakhaliwa ndi kumene ankalembera makalata osaleka, ndipo ndalama zawo ndi zimene zinkachirikiza esitetiyo, pakuti ulimi wake sunkabweza zimene unkadya. Mafuta onunkhira ochokera ku mitengo ya zipatso za mtundu wa malalanje anathandizako kwa kanthawi, mpaka matenda anapha mitengoyo cha m'ma 1958. Choncho nyumbayi inamangidwa ndi manja a Abemba, ndi ndalama za ku Surrey, pofuna kusangalatsa maso a ku Surrey.

Ndipo chipinda chotere sichidzisamala chokha. Olemba za kukongoletsa m'nyumba amakamba za makatani, makapeti ndi kuwala kolowera pazenera, ngati kuti zinthuzi zimangokhala. Dera la Shiwa ndi lokwera, mu Juni ndi Julaye kumazizira, ndiye malo owothera moto aja sanali okongoletsa chabe. Wina ankadula nkhuni, kuzikweza pamasitepe, kuwola phulusa mbandakucha bwana asanadzuke. Wina ankapukuta nyale, wina kupaka polishi pansi atagwada, wina kusita nsalu ya pathebulo ndi simbi yamakala osaidetsa, wina kulimbana ndi chiswe ndi njenjete kuti zisadye mabuku a Chilatini aja. Kukongola kwa m'nyumba ya mtundu uwu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya anthu amene anaphunzitsidwa kuyenda mosamveka. Umboni wake ndi wakuti pamene manja amenewa anachepa, nyumbayo inayamba kudontha ndi kuwola.

Pachipata pa esitetiyo pali nsanja ina yokhala ndi wotchi. Alendo amaijambula chifukwa imafanana ndi za m'midzi ya ku England. Ine ndimafunsa kuti wotchiyo inali ya ndani. Bwana anali nayo yake m'thumba. Ya pansanja inali ya anthu amene kale ankayesa tsiku ndi dzuwa ndipo chaka ankachiyesa ndi mvula, amene tsopano anayenera kuphunzira kuti kuchedwa ndi mlandu. Ndipo mlandu pa Shiwa sunali wamasewera. Antchito anamupatsa dzina lakuti Chipembere, mawu amene ife sitifunika kuwamasulira. Sanamutche choncho chifukwa cha kufatsa. Olemba mbiri yake, ngakhale omukonda, amavomereza kuti anali wa mkwiyo woopsa ndipo ankamenya antchito. Dzina limenelo ndi ndemanga imene omanga nyumbayo anatisiyira, yaifupi koma yokwanira.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, pakuti mkangano wobisa mfundo za mnzako ndi miseche. Gore-Browne sanali ngati azungu ambiri a nthawi yake. Antchito ake ankakhala m'nyumba za njerwa. Pa esitetiyo panali sukulu, chipatala, sitolo ndi positi ofesi. Shiwa sinali Magomero, kumene nkhanza za thangata zinathera pa imfa ya William Jervis Livingstone mu Januwale 1915. Ankadya pathebulo limodzi ndi anthu akuda pa nthawi imene ku Lusaka munthu wakuda ankagula nyama pazenera. Anakhala m'nyumba ya malamulo kuyambira 1935 mpaka 1951, anathandiza Harry Nkumbula kupita ku Makerere, ndipo pomaliza anaima kumbali ya Kenneth Kaunda, mwana wa David Kaunda uja amene anachoka kwathu kuno, wotumidwa ndi mishoni ya Livingstonia, n'kukakhazikika ku Lubwa pafupi ndi Chinsali. Atamwalira mu 1967 boma la Zambia linamuika m'manda mwaulemu wa boma, Kaunda mwiniwake akulankhula pamaliropo. Zonsezi ndi zoona ndipo sindikuchotsapo kanthu. Koma ubwino wa munthu pa ndale suumba njerwa. Tingamulemekeze pa zimene anachita popanda kumuwonjezera zimene anachita ena. Ndiponso tisaiwale chimene chinkatulutsa amuna m'midzi kukafuna ntchito masiku amenewo: msonkho unkafunika ndalama, ndipo wopanda ndalama ankasankha pakati pa migodi yakutali ndi esiteti yapafupi. Kusankha Chipembere m'malo mwa mgodi si umboni wakuti Chipembere anali mwanawankhosa.

Tsono pali gulu lina limene ndikutsutsana nalo kwambiri kuposa loyambali, ndipo ambiri mwa iwo ndi anzanga. Iwowa amati nyumba zoterezi ndi zipsera za utsamunda, zisiyeni zigwe, mleme ndi kadzidzi zigawane zipinda. Amalankhula ngati okonda dziko, koma taonani amene angaluze. Gore-Browne ali ndi mabuku ake. Robert Rotberg analemba za iye mu Black Heart mu 1977, Christina Lamb analemba The Africa House mu 1999, ndipo makalata ake ndi zithunzi zake zilipo. Nyumba itagwa mawa, dzina lake silingagwe nayo. Koma woumba njerwa uja alibe buku. Wocheka matabwa alibe chithunzi chopachikidwa pakhoma. Chimene anasiya padziko pano chosonyeza kuti anali ndi luso ndi khoma lomwelo, uta wa njerwa womwewo, chitseko chomwecho. Wogwetsa nyumbayi poganiza kuti akulanga mtsamunda akufafaniza siginecha ya agogo ake omwe. Ndipo zinatsala pang'ono kuchitika: mwana wamkazi wa Gore-Browne ndi mwamuna wake ataphedwa mu 1992, nyumbayo inakhala zaka ikuwonongeka, kufikira mmodzi mwa adzukulu anayamba kuikonzanso. Amene anakweranso padenga kukasintha mitanda yowola ndi matailosi osweka, ndikhulupirira simufunika kuuzidwa kuti anali anthu a mtundu uti.

Ndingopatuka pang'ono. Chimene chimandiseketsa mwa otukwana nyumba za atsamunda n'chakuti ambiri tikapeza ndalama timatengera mbali yoipa ya nyumbazo n'kusiya yabwino. Nyumba zakale za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje zili ndi makoma ochindikala, denga lokwera ndi khonde lalikulu lotchinga dzuwa, moti masana m'kati mumakhala mozizira popanda makina. Ife timamanga chinyumba cha magalasi oyang'ana kumadzulo, khonde longokwana mpando umodzi, kenaka n'kumadandaula za kutentha magetsi akazima. Koma kachipinda ka wantchito kuseri, kopanda siling'i, kazenera kake ngati ka khola la nkhunda, ndi khomo lakumbuyo loti azilowera, zimenezo sitiiwala kuuza wojambula pulani. Tinakana bwana koma pulani yake tinaisunga m'thumba.

Chimene ndikufuna si chovuta. Nyumba ya ku Shiwa iime, ndi zinzake za ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba ziime, koma nkhani yake isimbidwe yonse. Woonetsa alendo asayambire m'laibulale. Ayambire pamene pankakumbidwa dothi ndi pamene pankayaka uvuni, adutse kukhitchini ndi kochapira, kenaka alowe pakhomo lalikulu. Mlendo amene walipira ndalama zake kuti agone m'chipinda cha bwana auzidwe kuti madzi osamba ankafika bwanji m'chipindamo. Pa anthu onse akuda amene anatumikira pa Shiwa, dzina limene owerenga ambiri amalikumbukira ndi la Henry Mulenga, dalaivala wake amene anakhala mnzake wapamtima mpaka kumapeto. Ndi dzina limodzi, ndipo ndi la munthu amene ankakhala pafupi ndi bwana. Esiteti yolipira anthu mazanamazana siyenda popanda mabuku a malipiro, ndipo Gore-Browne anali munthu wolemba chilichonse. Olemba mbiri anafufuza m'mapepala ake pofuna kudziwa za mtima wake, za azakhali ake, za ukwati wake. Abwererenso m'mapepala omwewo ndi funso lina: kapitawo wa omanga anali ndani, kalipentala wamkulu anachokera mudzi uti, ankalandira zingati pamwezi.

Ndipo ntchito imeneyi ndi yathu ife olemba m'zilankhulo za kuno, pakuti mbali yaikulu ya yankho sili m'mapepala, ili m'midzi yozungulira nyumbazi, ndipo imasimbidwa m'Chibemba, m'Chilomwe, m'Chiyao ndi m'Chichewa. Amene ankaponda matope mu 1928 anapita kale. Ana awo amene anamva nkhanizi pamoto ali ndi zaka za m'ma 80 ndi 90, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda. Ku Thyolo ndi ku Mulanje minibasi imafika tsiku lililonse, ndipo foni iliyonse ya masiku ano imatha kujambula mawu.